Podikira Yankho la Chipukuta Misozi ndi Penshoni ya Ulumali ku Kafue

Nkhani ya lero pa wailesi ndi ya munthu amene anavulala kapena kudwala mpaka kulephera ntchito, anapereka mapepala ake ku ofesi, ndipo tsopano akudikira yankho. Amene ali ndi cholembera pafupi achitenge, chifukwa muli malamulo ndi manambala ofunika kuwasunga.

Kafue ndi tauni yomwe inakulira pa mafakitale. Kampani ya feteleza ya Nitrogen Chemicals of Zambia inayamba kupanga katundu mu 1970, ndipo nyumba zambiri za ku Kafue Estates zinamangidwira antchito a m'mafakitale a boma a nthawi imeneyo. Kunali Kafue Textiles yoluka nsalu, yomwe itatsekedwa antchito ake ambiri anatha zaka akudikira ndalama zawo. Lero kuli fakitale yosungunula zitsulo ya Universal Mining and Chemical Industries, komanso timakampani tambirimbiri towotcherera, tokonza magalimoto ndi tonyamula katundu. Kulikonse kumene kuli ng'anjo, malamba a makina, mankhwala ndi fumbi, ngozi sizisowa: chala chimaduka, msana umagwa, makutu amagontha, chifuwa chimakana mankhwala. N'chifukwa chake m'tauni muno simusowa munthu amene akuti, “Ndikudikira ndalama zanga.”

Funso loyamba kumufunsa munthu wotere ndi lakuti: ndalama zochokera kuti? Ambiri amangoti “ku boma”, pamene mabungwe ake ndi atatu, ndipo lililonse lili ndi malamulo ake, mafomu ake ndi mayendedwe ake.

Loyamba ndi Workers' Compensation Fund Control Board, lomwe likulu lake lili ku Ndola ndipo limayendera lamulo nambala 10 la chaka cha 1999. Ili ndi la munthu amene wavulala ali pantchito, kapena wadwala matenda obwera chifukwa cha ntchitoyo. Thumba lake amasonkhera ndi olemba ntchito okha. Wantchito sadulidwa ngakhale ngwee imodzi. Bungweli limalipira chithandizo cha kuchipatala, limapereka ndalama pa nthawi imene munthu akuchira, limathandiza ndi miyendo kapena manja ochita kupanga, ndipo ulumali ukakhala wosatha limapereka chipukuta misozi. Kulumala kukakhala kochepa ndalamayo imabwera kamodzi, kukakhala kwakukulu imakhala penshoni ya mwezi ndi mwezi.

Lachiwiri ndi NAPSA, ya za penshoni, yomwe inayamba ntchito mu Febuluwale 2000 m'malo mwa Zambia National Provident Fund. Kuno wantchito amadulidwa 5 peresenti ya malipiro ake, bwana naye n'kuikapo 5 peresenti. NAPSA sifunsa ngati munthu anavulalira kuntchito kapena kunyumba. Sitiroko, ngozi ya pamsewu, khungu lobwera ndi matenda a shuga, zonse zimamveka, bola madokotala atsimikize kuti munthuyo sangathenso kugwira ntchito ndipo sanafike msinkhu wopuma. Kuti alandire penshoni ya mwezi ndi mwezi, ayenera kukhala atasonkha miyezi yosachepera 60, ndipo 12 mwa miyeziyo ikhale ya m'kati mwa miyezi 36 yomaliza asanalumale. Amene sanafike pamenepo amalandira ndalama ya kamodzi. Olemba alembe manambala atatuwo: 60, 12 ndi 36.

Lachitatu ndi ofesi ya Social Welfare ya pa boma, yomwe ili pansi pa Unduna wa Community Development and Social Services ndipo imayendetsa Social Cash Transfer. Pologalamuyi inayambira ku Kalomo mu 2003, ndipo ikufanana ndi Mtukula Pakhomo wa ku Malawi. Siyang'ana zoti munthu anagwirapo ntchito, imayang'ana umphawi wa pakhomo. Mu 2022 banja lolembedwa linkalandira K200 pamwezi, pamene banja lokhala ndi munthu wa ulumali waukulu linkalandira K400, ndalama zolipidwa pa miyezi iwiri iliyonse. Chilala cha 2024 chitavuta, boma linawonjezerapo. Mayina amayambira m'makomboni mwenimweni, kwa a komiti ya m'dera yotchedwa CWAC, ndipo wa ulumali amafunika fomu yosainidwa ndi a chipatala. Pambali pa zonsezi pali Zambia Agency for Persons with Disabilities, ZAPD, yomwe malinga ndi lamulo la 2012 imalemba anthu a ulumali m'kaundula ndi kuwapatsa khadi. Khadilo palokha si ndalama, koma ndi umboni womwe maofesi ena amaufuna, choncho ndi bwino kulitsatira pa nthawi yomweyi.

Munthu mmodzi akhoza kukhala ndi nkhani m'mabungwe awiri nthawi imodzi, ndipo kupereka mapepala ku limodzi sikutanthauza kuti linalo lamva.

Nanga kuchedwa kumachokera pati? Kwina kuli ndi chifukwa chomveka. A chipukuta misozi amawerengera ulumali m'maperesenti, ndipo dokotala sangaike peresenti pa bala lomwe likupolabe. Dzanja lothyoka lero likhoza kugwiranso sipanala pakatha miyezi isanu ndi umodzi, likhozanso kuuma mpaka kalekale. Yankho limadikira lipoti lomaliza la kuchipatala. Matenda a m'mapapo obwera ndi fumbi amapimidwa ndi a Occupational Health and Safety Institute, omwe likulu lawo lili ku Kitwe. Ku NAPSA, failo imayenera kudutsa m'manja mwa gulu la madokotala, kenako m'mabuku a zosonkha. Ku Social Cash Transfer mayina atsopano salembedwa tsiku lililonse, amalembedwa nthawi ya kalembera, boma likapeza ndalama zowonjezera mabanja. Kudikira kwa mtundu umenewu munthu sangakufupikitse ndi phokoso.

Koma pali kudikira kwina komwe kumadya anthu ambiri pachabe. Failo yaima chifukwa cha pepala limodzi losowa, ndipo mwini wake ali kunyumba akuwerenga miyezi, akuganiza kuti zinthu zikuyenda. Kapenanso failoyo kulibe n'komwe.

Tiyerekeze bambo wowotcherera zitsulo pakakampani kena ka m'dera la mafakitale. Chitsulo chamugwera paphazi Lachiwiri masana. Kapitawo wamunyamula pagalimoto, wamulipirira kuchipatala, wamutsinira K500 ya sopo, n'kumuuza kuti, “Musadandaule bambo, zonse tikonza.” Bamboyo akhala pakhomo miyezi isanu ndi itatu, phazi lili pampando, akudikira foni. Tsiku lomwe adzadzikoke kupita kwa a chipukuta misozi, adzamva kuti dzina lake mulibe m'kompyuta, chifukwa ngoziyo sinanenedwe. Lamulo limati wolemba ntchito anene ngozi pasanathe masiku atatu chidziwireni, koma wovulala asangokhulupirira kuti zachitika. Iye kapena m'bale wake apite yekha ku ofesi ya bungweli, afunse ngati lipoti linafika, ndipo atenge nambala ya failo. Ngati silinafike, anene yekha nkhani yake pomwepo, adziwitsenso ofesi ya Labour ndi a yunioni ngati ali membala. Malamulo amaika malire a nthawi yoperekera dandaulo, ndipo mboni zomwe zinaona ngoziyo zimasamuka kapena kuiwala.

Ku NAPSA msampha wake ndi wina. Kapepala ka malipiro kamaonetsa kuti 5 peresenti inkadulidwa mwezi uliwonse, koma si nthawi zonse pamene ndalamayo inafika kumene imayenera. Wodikira apemphe sitetimenti ya zosonkha zake, ku ofesi kapena pa intaneti mothandizidwa ndi mwana woidziwa, ayiyale pamphasa pamodzi ndi mapepala a malipiro, n'kumafanizira mwezi ndi mwezi. Pamene pali mpata aikepo chizindikiro, chifukwa miyezi iwiri yosowa ikhoza kumuchotsa munthu pa 60 n'kumusiya pa 58. Ayang'anenso kalembedwe ka dzina ndi tsiku lobadwa. Ngati pa chitupa cha NRC palembedwa mwina ndipo ku NAPSA kwalembedwa mwina, kapena munthu ali ndi manambala awiri chifukwa anasintha ntchito, failo imaima mpaka zitakonzedwa. Zimenezi n'zokonzeka, ndipo nthawi yabwino yozikonza ndi ino yodikirayi.

Tsopano za chikwama cha mapepala. Aliyense wodikira akhale ndi chikwama chimodzi chapulasitiki, chija cha batani chogulitsidwa m'mashopu a zolembera, chosalowa madzi ngakhale denga lidonthe mu Januwale. M'kati mwake mukhale fotokope ya NRC, khadi la kuchipatala, malipoti onse a madokotala, zithunzi za X-ray, mapepala a malipiro, kalata yolembedwera ntchito ndi yochotsedwera ngati ilipo, malisiti a mankhwala ndi a ulendo wa kuchipatala, komanso fotokope ya fomu iliyonse yomwe inaperekedwa. Pepala lenileni lisatsale ku ofesi popanda fotokope kunyumba. Popereka chilichonse, munthu apemphe kuti pafotokope yake adindepo chidindo cha tsikulo. Amene ali ndi foni yojambula ajambule tsamba lililonse ndi kutumiza zithunzizo kwa m'bale wodalirika, kuti chikwama chikatayika nkhani isatayikire pomwepo.

M'chikwama momwemo mukhale kope la sukulu. Patsamba loyamba palembedwe nambala ya failo ndi zilembo zikuluzikulu. Masamba otsatira agawidwe panayi: tsiku, ofesi, amene analankhula naye, ndi zomwe ananena. Kope limeneli limasintha kalankhulidwe ka munthu pakauntala. Wopanda kope amafika n'kuti, “Ndabwera kudzamva za ndalama zanga,” ndipo yankho lake limakhala lakuti, “Zikuyenda, mudzabwerenso.” Wa kope amati, “Pepani mayi, nambala yanga ndi iyi. Pa 14 mwezi watha munandiuza kuti mukudikira lipoti la a dokotala. Kodi linafika? Ngati silinafike, ndani ayenera kulitumiza, ineyo kapena achipatala?” Funso lotere silingayankhidwe ndi mawu awiri.

Mafunso ofunika paulendo uliwonse ndi atatu: failo ili pa desiki ya ndani pakali pano, chikusowa n'chiyani, ndipo ndi tsiku liti loyenera kubweranso. Afunsidwe mwaulemu. Kalaliki wa pakauntala si amene amagamula, koma ndi amene amadziwa kumene failo yagona, ndipo munthu wokalipa amayankhidwa mwachidule kuti achoke msanga.

Kupita ku ofesi tsiku ndi tsiku sikuthandiza, kumangomaliza ndalama ya minibasi ndi mphamvu za munthu woyenda ndi ndodo pa dzuwa la ku Kafue. Ndi bwino kusankha tsiku limodzi pa masabata awiri kapena pamwezi, malinga ndi zomwe a ofesi anena, n'kulilemba pakalendala. Ulendo wa ku Lusaka, wa makilomita oposa 40, uyambe ndi foni yofunsa ngati munthu wofunikayo alipo. Nambala ya foni yomwe inalembedwa pafomu isasinthidwe, ndipo ngati yasintha kapena banja lasamuka, a ofesi auzidwe mwa kalata. Anthu ena amaphonya tsiku lopimidwa ndi madokotala chifukwa uthenga unapita ku SIM yomwe inatayika kalekale.

Nkhani yowawa kwambiri ndi ya chakudya cha lero, poti mimba sidikira failo. Apa wodikira ayambe ndi zomwe lamulo lamupatsa kale. Employment Code Act ya 2019 imati wantchito wa kontirakiti yaitali akadwala alandire malipiro athunthu miyezi itatu yoyamba, ndi theka la malipiro miyezi itatu yotsatira. Wa kontirakiti yaifupi amalandira athunthu masiku 26 ogwira ntchito, ndi theka masiku ena 26. Nthawiyo ikatha asanachire, bwana akhoza kumupumitsa potsatira mawu a dokotala, koma ayenera kumupatsa ndalama yosachepera malipiro a miyezi itatu pa chaka chilichonse chomwe anamaliza pantchito. Amene wagwira zaka zinayi, ndiye malipiro a miyezi 12. Ndalama imeneyi ndi yochokera kwa bwana, ndipo siichotsa ufulu wa munthu ku NAPSA kapena ku chipukuta misozi. Pepala lililonse lonena kuti nkhani yatha ndipo sadzadandaulanso, munthu asalisaine tsiku lomwelo. Apemphe fotokope, akaliwerenge ndi a Labour, a yunioni kapena a Legal Aid Board.

Kenako banja likhale pansi, liwerenge zomwe zilipo m'manja, osati zomwe zikubwera. Palibe amene angalonjeze tsiku lomwe yankho lidzatuluke, ngakhale kuchuluka kwa ndalamayo, ndipo kupangira bajeti pa ndalama yotere ndi kuwerengera madzi a mphutsi. Apa ndi pamene a kaloba amalowera. Mbiri ikangomveka m'komboni kuti uje akudikira chipukuta misozi, obwereketsa amabwera okha, akumwetulira, ena n'kupempha kusunga khadi la ku banki kapena NRC ngati chikole. Tiwerenge pamodzi. Munthu watenga K1,000 pa mgwirizano woti pakutha pa mwezi abweze K1,500. Akalephera, n'kumawonjezera theka mwezi uliwonse, mwezi wachiwiri ngongole ili pa K2,250, wachitatu pa K3,375, ndipo wachisanu ndi chimodzi yadutsa K11,000. Tsiku lomwe ndalama idzalowe ku banki, wokatapa adzakhala wina. NRC ndi khadi la ku banki zisachoke m'manja mwa mwini wake, ndipo nambala yachinsinsi isauzidwe munthu wakunja.

Njira zopepukirapo zilipo. Mwini nyumba auzidwe zoona msanga, aonetsedwe kalata ya ku ofesi, agwirizane zolipira pang'onopang'ono lendi isanaunjikane. Ana asachotsedwe kusukulu, poti chiyambire 2022 maphunziro a m'sukulu za boma ndi aulere mpaka ku sekondale. Amene ankadulidwa 1 peresenti ya inshuwalansi ya zaumoyo ya NHIMA akafunse ngati khadi lake likugwirabe ntchito atasiya kulandira malipiro, ndi zoyenera kuchita kuti lisafe. A chilimba ndi a banki ya m'mudzi auzidwe kuti zinthu zasintha, munthu achepetse chosonkha m'malo mothawa gulu. Ku Ward Development Committee kumapezeka mafomu a CDF, thumba lomwe mu 2022 linakwera kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu, ndipo mbali ina ya ndalamazo imalipirira maphunziro a ntchito zamanja ndi kuthandiza magulu kuyamba mabizinesi. Banja lomwe likudalira mayi wogulitsa nsomba za mumtsinje wa Kafue likumbukire kuti kuyambira pa 1 Disembala mpaka kumapeto kwa Febuluwale usodzi umatsekedwa, choncho likonzeretu geni ina ya miyezi imeneyo.

Chiyambire Epulo 2023, membala wa NAPSA amene wasonkha miyezi 60 kapena wafika zaka 45 amaloledwa kutapako 20 peresenti ya zosonkha zake kamodzi. Kwa munthu wopanikizika ndi yabwino kuposa kaloba, chifukwa ndi ndalama yake yomwe. Komabe imachepetsa zomwe adzalandire m'tsogolo, choncho wodikira penshoni ya ulumali ayambe wafunsa a NAPSA momwe kutapako kungakhudzire failo yake.

Akuba nawo amadziwa kuti munthu wodikira amathamangira foni ikalira. Amatumiza uthenga wakuti ndalama zatuluka, koma pakufunika K300 yotsegulira failo, itumizidwe pa mobile money. Ena amaima panja pa maofesi n'kumati amadziwana ndi akuluakulu. Mabungwe onse atatuwa salipiritsa munthu kuti failo yake iyende, ndipo dzina la Social Cash Transfer siligulidwa kwa wa komiti kapena kwa wa chipani. Uthenga wotere ukafika, munthu asayankhe, akafunse ku ofesi ndi nambala yake ya failo. Wogwira ntchito m'boma akapempha “ya drinki” kuti afulumizitse zinthu, imeneyo ndi nkhani ya Anti-Corruption Commission.

Thupi nalo lili ndi gawo lake pa failo. Tsiku lililonse lomwe dokotala walemba pakhadi lisaphonyedwe, kaya ndi ku chipatala cha Kafue kaya ndi ku UTH ku Lusaka. Mafizo ndi owawa komanso otopetsa, koma bondo kapena chigongono chosiyidwa chimauma, ndipo khadi lokhala ndi mipata limapatsa opima chithunzi chakuti munthuyo anachira kapena sanasamale. Amene akupita kwa asing'anga kapena ku mapemphero asasiye chipatala, chifukwa maofesi amawerenga lipoti la dokotala lokha. Pa tsiku lopimidwa, munthu anene zoona zokhazokha. Abambo ambiri amachita manyazi n'kumati “ndiliko bwino” pamene usiku sagona ndi ululu. Ena amakokomeza, madokotala n'kuwakayikira pa zonse. Chothandiza ndi kufotokoza zinthu zooneka: amayenda mtunda wotani asanapume, amatha kumanga mabatani a malaya kapena ayi, amanyamula chidebe cha madzi kapena ayi, amasamba yekha kapena amasambitsidwa. Womusamalira apite naye, chifukwa ndi amene amaona zomwe wodwala amaiwala kapena kubisa.

Palinso matenda omwe X-ray siwaona. Munthu amene kwa zaka 20 ankadzuka m'bandakucha, kuvala ovolosi ndi majombo, tsopano amamva anzake akudutsa pamsewu kupita ku shifiti iye ali pabedi. Tulo timasowa, mtima umapsa msanga, ana amayamba kuyenda chonyang'ama m'nyumba. Ena amathawira ku kachasu, yemwe amamaliza ndalama yochepa yomwe ilipo ndipo sagwirizana ndi mankhwala a ululu. Chomwe chimathandiza ambiri n'kulipatsa tsiku dongosolo lake: ola lodzukira, kusamba ndi kuvala ngati wopita kwina, mafizo a kunyumba, kantchito kamene thupi likulola monga kuyang'anira kantemba kapena kuthandiza ana homuweki, ndi kutuluka panja kukaonana ndi anthu. Nkhani ya failo ikhale ndi tsiku lake lija la pakalendala, masiku enawo chikwama chikhale chotseka. Mipingo, magulu a anthu a ulumali omwe ali pansi pa Zambia Federation of Disability Organisations, ndi anzake omwe anadutsamo kale amadziwa njira zambiri zomwe sizilembedwa pafomu.

Achibale akhale tcheru munthu akasiya kudya, akamadzitsekera m'chipinda, kapena akayamba kulankhula zoti ndi mtolo kwa ena ndipo bola kufa. Mawu otere asatengedwe ngati nthabwala kapena kudandaula chabe. Munthuyo asasiyidwe yekha, apite naye kuchipatala tsiku lomwelo. Nambala ya 933 ya Lifeline ndi yaulere ndipo kumakhala aphungu, komanso ku Lusaka kuli chipatala cha Chainama Hills cha matenda a maganizo.

M'banja, chinsinsi chimabala mikangano. Mkazi kapena mwamuna wa wodikira adziwe nambala ya failo, malo a chikwama, ndi zomwe a ofesi ananena ulendo watha. Pasankhidwe munthu mmodzi woperekeza, wodziwa kulemba ndi kuwerenga, osati lero mlamu, mawa mphwake, mkuja mnansi, aliyense n'kubwera ndi nkhani yake. Achibale akutali omwe ayamba kale kuwerengera gawo lawo auzidwe poyera kuti ndalamayo, ikadzabwera, ndi yolowa m'malo mwa malipiro a munthu amene sadzagwiranso ntchito monga kale. Wosamalira wodwala naye amatopa, ndipo abale azimulandirako ngakhale tsiku limodzi pa sabata.

Yankho likhoza kubwera lokana, kapena ndi peresenti yochepa kuposa momwe munthu akuonera. Kukanidwa kwa pakamwa si yankho. Apemphe kalata yonena chifukwa chake, ndipo alembe m'kope tsiku lomwe wailandira, poti nthawi yochitira apilo imakhala yochepa. Funso la tsiku lomwelo ndi lakuti apilo imapita kuti ndipo pasanathe masiku angati. Pa nkhani za chipukuta misozi lamulo linakhazikitsa bwalo lapadera, Workers' Compensation Tribunal, lomva madandaulo a osakhutira ndi chigamulo. Ku Social Cash Transfer dandaulo limaperekedwa ku ofesi ya Social Welfare ya pa boma. Wopanda ndalama ya loya apite ku Legal Aid Board, ndipo failo yomwe yangogona m'ofesi ya boma popanda chifukwa chomveka ikhoza kukanenedwa kwa Public Protector. Kulikonse kumeneko adzafunsa masiku ndi mapepala, ndipo wa kope ndi chikwama adzangotsegula.

Yankho likakhala lovomera, patsala zochita zingapo. Akaunti ya ku banki kapena ya pafoni ikhale yamoyo ndiponso ya dzina lofanana ndi la pa NRC, chifukwa akaunti yomwe yakhala miyezi osagwiritsidwa ntchito imatsekedwa ndipo ndalama imabwerera. Munthu afunse kuti malipiro akuwerengedwa kuyambira tsiku liti, ngati miyezi yodikira ija ilipiridwa, ndi liti pamene adzafunike kukaonekera kapena kupereka chikalata chotsimikiza kuti ali moyo kuti penshoni isaime. Kalata yovomerayo ijambulidwe fotokope kawiri.

Nthawi yathera pamenepa. Kwa amene akudikira, ntchito ya sabata ino ndi itatu: kupeza nambala ya failo, kupempha sitetimenti ya NAPSA, ndi kufunsa a ofesi chomwe chikusowa. Amene ali ndi mnansi wodikira koma alibe wailesi, akamufotokozereko madzulo ano.